Kumata bolodi ya foam yosalowa madzi pa mwala wa granite: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera pa nkhani yomata bolodi ya foam pa granite kuti pamwamba pake pamatidwe matailosi, kaya ndi pa tebulo la kukhitchini, khoma la m'bafa, masitepe kapena pansi penipeni. Ena ndawayankha mwachidule poti palibe zambiri zonena, ena ndatalikitsa dala chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zimafera.

Kodi bolodi imeneyi ndi chani, ikusiyana bwanji ndi bolodi ya simenti?

Ndi bolodi yopepuka kwambiri, mkati mwake muli foam yolimba, yambiri imakhala ya XPS, polystyrene yothinana ija osati ya timipira toyera imene amatchinjirizira katundu mu katoni, ndipo kunja mbali zonse ziwiri anaikuta ndi chinthu choti guluu wa matailosi azigwirapo. Ya kampani ya wedi mkati ndi ya buluu, kunja kuli neti ya fiberglass ndi kasimenti kopyapyala. Kerdi-Board ya Schluter ndi ya olenji ija, kunja kwake kuli kansalu kaubweyaubweya. GoBoard ya Johns Manville ili ndi foam ya mtundu wina, polyiso. Zilipo zinanso koma nzeru yake ndi imodzi.

Bolodi ya simenti siivunda ikanyowa, zoona, koma madzi amadutsa n'kukafika kuseri, nde mumafunikabe kupaka kapena kumata china choletsa madzi pamwamba pake. Ya foam madzi salowamo, mumadula ndi mpeni basi, fumbi palibe, munthu mmodzi amanyamula yonse ndi dzanja limodzi. Kukhuthala kwake kumayambira cha m'ma 4 kapena 5 mm mpaka 50 mm, ena amapanga zoposa pamenepo.

Ndiye zimatheka kuimata pa granite?

Zimatheka, koma osati mmene mumamatira pa pulasitala kapena konkire. Vuto si bolodi ayi, vuto ndi mwalawo. Guluu wa matailosi wa simenti uja amagwira chifukwa amalowa m'timabowo ting'onoting'ono ta pamene mwamupaka n'kuumira momwemo, nde pulasitala ili ndi timabowo tosawerengeka pomwe granite pafupifupi ilibe. Muyezo wa ku America wa ASTM C615 umati granite yomangira isamamwe madzi opitirira 0.4 peresenti ya kulemera kwake, kutanthauza kuti kumwako palibe kwenikweni. Kenako onjezerani zoti anaipolisha mpaka ikuwala ngati galasi, ndiponso matebulo ambiri a kukhitchini anapakidwa sealer yoti mafuta asalowe, ndiye guluu agwira chani pamenepo? Amangokhala pamwamba, akauma amaoneka ngati wagwira, koma mukalowetsa chipande m'mphepete n'kukanula pang'ono bolodi yonse imadzuka ili ndi guluu wake yense kuseri, mwala uli mbee ngati simunapakepo kalikonse.

Ndiye yankho ndi loti eya, koma ntchito yaikulu ili pa mwala musanatsegule n'komwe thumba la guluu.

Bwanji osangomata matailosi pa granite pompo, bolodi ndi yachani?

Funso labwino ili ndipo anthu ambiri salifunsa. Ngati granite yanu ndi yolimba, yosalala bwino, yosang'ambika ndipo si malo onyowa tsiku ndi tsiku, ine ndinganene kuti bolodi siikufunika, konzani mwala, pakani pulaima, mankhwala othandiza guluu kugwira aja, matani matailosi, mwatha. Bolodi ikungoonjezera malo ena oti zinthu zidzamatuke, komanso ikukweza msinkhu, zimene pa tebulo la kukhitchini zimasokoneza sinki ndi mipope, ndipo pansi zimasokoneza zitseko.

Imafunika pamene mukupanga shawa ndipo mukufuna khoma lonse likhale loletsa madzi, pamene granite ndi zidutswa zambiri zolumikiza zosafanana msinkhu, pamene mukufuna kukulitsa kapena kusintha kaonekedwe ka m'mphepete mwa tebulo, kapena pamene mukuika waya wotenthetsa pansi ndipo simukufuna kuti kutentha konse kuzithawira mu mwala wozizirawo.

Mwala ndiukonze bwanji ndisanamate?

Yambani ndi kugogoda. Tengani chogwirira cha hamala kapena sikuludiraiva muzigogoda malo onse, pamene granite inamatuka pansi pake pamalira mwa mphako, pamene yagwira pamalira mouma. Chidutswa chogwedera chichotseni n'kudzazapo matope a simenti, chifukwa bolodi siilimbitsa chimene chili pansi pake, mwala ukasuntha nayo imasuntha ndipo matailosi anu ang'ambika pamzere womwewo.

Kenako tsukani, ndipo apa dongosolo lake ndi lofunika: kutsuka kaye, kupala pambuyo. Ambiri amathamangira gilainda mwala uli ndi mafuta ophikira, sopo wouma, polishi kapena silikoni wakale m'makona, nde gilainda ija imangotenga mafutawo n'kuwapaka m'mikwingwirima yatsopano imene mukupanga, mwala ukuoneka wokalipa, kunena kuti wokhakhala, bwinobwino koma uli ndi mafuta paliponse. Gwiritsani ntchito mankhwala ochotsa mafuta amphamvu, tsukuluzani ndi madzi oyera kawiri katatu, silikoni mumupale ndi leza mpaka atheretu chifukwa pamene pali silikoni olo pang'ono palibe chimene chimagwira. Ngati mwapukuta ndi thinara kapena acetone dikirani ziume ziuluke zonse musanabweretse bolodi pafupi, zimenezi zimasungunula polystyrene.

Mukatero palani. Granite ndi yolimba, pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala ili pa 6 mpaka 7, sandipepa wamba amangotha mano osachita kanthu, chofunika ndi gilainda yokhala ndi disiki ya dayamondi yooneka ngati kambale ija. Simukukumba ayi, mukungochotsa kuwala, muzidutsa mopepuka mpaka malo onse atuwe ndipo mukayendetsa chala pazimveka kukalipa. Muunikire ndi tochi cham'mbali, pamene patsala kunyezimira mubwerezepo, makamaka m'makona ndi m'mphepete momwe gilainda imavuta kufika, poti kumatuka kumayambira komweko.

Pomaliza chotsani fumbi ndi vacuum, pukutani ndi siponji yonyowa, siyani paume. Donthezani madzi pang'ono muone: akachita timipira n'kumagubuduzika ndiye kuti sealer kapena mafuta akadalipo, akamwazikana n'kudetsa mwala ndiye kuti mwafika.

Fumbi lake ndi loopsa zoona kapena anthu amangokokomeza?

Ndi loopsa zenizeni. Granite ili ndi quartz yambiri, ndipo fumbi la quartz ndi silica imene imayambitsa silicosis, matenda a m'mapapo osachizika, amene amabwera mwakachetechete patapita zaka. Kansalu kumphuno sikathandiza. Valani masiki ya FFP3 kapena P100 yothina bwino, magalasi m'maso, ndipo gilainda ikhale ndi chivundikiro cholumikiza ku vacuum, apo ayi palani monyowetsa ndi makina opangidwira madzi. Musasese fumbilo ndi tsache louma, mukungolidzutsanso. Ana ndi ena onse atuluke.

Sindikufuna kupala, pulaima payokha singakwane?

Ilipo pulaima yopangidwira malo osamwa madzi, imakhala ndi mchenga wosalala mkati, mukapaka ndi rola ikauma pamakalipa ngati munapala, Eco Prim Grip ya Mapei ndi imodzi mwa zodziwika, makampani ena a guluu alinso ndi zawo. Imagwira ntchito, ndipo pa khoma la malo ouma anthu amangotsuka bwino n'kupaka zinthu n'kuyenda. Koma kumbukirani kuti pulaima imagwira pa chimene yapeza pamwamba, ikapeza sealer yagwira sealer osati mwala. Ndiye ngati simukudziwa kuti mwalawo unapakidwapo chani zaka zonsezi, palani ndithu. Mu shawa ndi pansi ine ndimati zonse ziwiri, kupala ndi pulaima, siziphana.

Musasokoneze ndi pulaima yamadzimadzi yoyera ija imene amapaka pa pulasitala kuti isamwe kwambiri madzi a guluu, iyo ntchito yake ndi yosiyana, pa granite siilowa, imangouma ngati kachikopa kopyapyala kamene kamasendeka. Guluu wa PVA wa matabwa ndiye ayi ndithu, akanyowa amafewanso. Pakani mopyapyala, osasiya zithaphwi, ndipo dikirani nthawi imene yalembedwa pa chigubu.

Guluu wake ndi uti?

Apa ndi pamene pamasokonekera anthu ngakhale amisiri odziwa ntchito. Taganizani, pansi pali mwala wosamwa madzi, pamwamba pali bolodi yosalowa madzi, guluu ali pakati watsekeredwa, madzi ake atulukira kuti? M'mphepete mokha basi. Simenti payokha ilibe nazo vuto chifukwa siilimba pouma koma pogwirizana ndi madzi, ikatsekeredwa imalimba bwinobwino. Koma guluu amene amagwira pa mwala wosalala ndi uja ali ndi polima mkati, kapulasitiki koonjezera mphamvu ya kugwira, ndipo polima wa mitundu yambiri amafuna kuti madzi achoke kuti alimbe, nde akatsekeredwa chonchi amatha kukhala wofewa pakati masiku ambiri m'mphepete mutauma kalekale, inu n'kumaganiza kuti zatha, n'kuyamba kupondapo.

N'chifukwa chake a Schluter ku America akhala akunena kwa zaka zambiri kuti pa zinthu zawo za Kerdi muzigwiritsa ntchito guluu wopanda polima kapena amene amapanga iwo eni. Koma wopanda polima uja pa granite yekha sagwira bwino, nde mukuona kuti zikukokana. Njira imene imathetsa zonse ziwiri ndi guluu waufa wa gulu lapamwamba wolimba msanga, amene amamwa yekha madzi ake ambiri polimba. Pa thumba yang'anani zilembo za muyezo wa ku Ulaya wa EN 12004: C2 ndi wogwira mwamphamvu, osachepera 1 N/mm² pomwe C1 ndi theka lake, S1 ndi wotha kupindika pang'ono osasweka, F ndi wolimba msanga, E ndi wochedwa kuuma pamwamba mukamupaka, T ndi wosatsetsereka pa khoma. C2 F S1 ndiye mnzanu pa ntchito iyi. Matumba olembedwa za ku America muona ANSI A118.4 kapena A118.15. Mukatero werenganinso pepala la kampani ya bolodi yanu, chifukwa bolodi ya kansalu ndi ya kasimenti sizifuna zofanana ndendende ndipo galanti yawo imatsatira zimene analemba.

Amene musamugwire n'komwe ndi guluu wa m'chidebe wosakaniziratu. Ameneyu amalimba pouma basi, alibe simenti yoti igwirizane ndi madzi, pakati pa granite ndi foam akhoza kukhala phala mpaka kalekale. Winanso ndi guluu wonunkha wa solventi, contact uja ndi ena a m'machubu omatira matabwa, amadya foam n'kusiya maenje.

Wolimba msanga ali ndi khalidwe lake, sadikira munthu. Sakanizani pang'onopang'ono, wokwana bolodi imodzi kapena ziwiri, dulani mabolodi onse n'kuwayeseza pamalo musanathire madzi mu ndowa, ndipo akayamba kulimba mu ndowamo musathiremo madzi ena kuti afewe, mutayeni.

Nanga silikoni kapena guluu wa m'chubu?

Silikoni wamba ayi, ndi wotsekera mipata osati wonyamula katundu. Alipo a m'chubu opanda solventi a mtundu wa MS polima, monga Kerdi-Fix kapena amene a wedi amagulitsa pamodzi ndi mabolodi awo, amenewa amagwira pa mwala wotsukidwa bwino ndipo foam saidya. Ndi abwino pa tizidutswa, m'mphepete mwa tebulo, pa kashelefu, polumikiza bolodi ndi chitsulo. Amalimba ndi chinyezi cha mu mpweya, nde muziika mizeremizere yotalikirana kuti mpweya uzidutsa osati kupaka chipupa chonse kapena kuzunguliza mzere wotseka. Pansi popondapo musawagwiritse ntchito, pakati pa mizere pamatsala mphako.

Kamatidwe kake kenikeni kamayenda bwanji?

Sakanizani guluu ndi madzi amene alembedwa pa thumba, akhale wofewa koma woti mizere ya chipande iziima osagwa. Yambani ndi mbali yosalala ya chipande, kupaka kopyapyala mokanikiza kwambiri pa mwala kuti guluu alowe m'mikwingwirima ija, anthu amadumpha gawo ili koma pa granite ndi limene limagwiritsa. Kenako onjezerani guluu n'kupesa ndi mbali ya mano, mano a 6 mm amakwana pamalo osalala bwino, 8 kapena 10 mm ngati pali mabampu pang'ono. Mizere yonse iloze mbali imodzi, makamaka mbali yaifupi ya bolodi kuti mpweya upeze potulukira pafupi, osati kuzunguliza mauta ngati mukukongoletsa, mautawo amatsekera mpweya. Kuseri kwa bolodi pakaninso kopyapyala.

Ikani bolodi guluu asanachite khungu pamwamba, kawirikawiri muli ndi mphindi 20, wa E mphindi 30, wa F mwina mphindi 10 zokha, kukatentha kapena kukakhala mphepo zimachepa, mukagusa ndi chala osamata chala ndiye kuti wapita, mpaleni muike wina. Kanikizani, sunthani pang'ono mopingasa mizere ija kuti iphwanyike, kenako muzimenya ndi thabwa losalala kuyambira pakati kupita m'mphepete, osati hamala pa foam mwachindunji. Bolodi yoyamba idzutseni muone kuseri, guluu azioneka paliponse, mukaona mizere ikadali chiimire ndi mipata youma pakati ndiye kuti mano a chipande achepa kapena guluu walimba kwambiri.

Mabolodi muwayale molumphanitsa ngati mmene amayalira njerwa, makona 4 asakumane pamodzi, ndipo polumikizana mabolodi pasagwere pamwamba pa polumikizana zidutswa za granite. M'mphepete mwa khoma siyani kampata pang'ono. Ikani levulo yaitali guluu akadali wofewa chifukwa mawa simudzakonzanso, matailosi akuluakulu amafuna kuti kusiyana kusapitirire 3 mm pa mamita 3. Foam ndi yopepuka ndipo ina imabwera yopindika pang'ono, nde pansi kapena pa tebulo sanjikanipo mabokosi a matailosi mofanana paliponse, pa khoma tchinjirizani ndi matabwa mpaka guluu agwire.

Ndingangoika guluu madonthomadontho kuseri kwa bolodi?

Pa khoma lokhotakhota makampani ena amalola, ndi bolodi yokhuthala komanso kawirikawiri ndi zomangira zolowa m'khoma. Pansi, pa masitepe, pa tebulo ndi pa benchi ya mu shawa ayi. Pakati pa madonthowo pali mphako, wina akapondapo kapena kugwetsapo poto tailosi imasweka pomwepo. Ndipo pa granite yopolishidwa pamene kugwira kwake n'kovuta kale, kuchepetsanso dala malo ogwira sindikuona nzeru yake.

Masikuluu ndi mawasha aja amene amabwera ndi bolodi ndiwagwiritse ntchito?

Amenewo ndi a pa matabwa kapena pa zitsulo za khoma la mabolodi, mu granite salowa, mungothyola mutu. Pa mwala wosalala umene mwaukonza bwino guluu wopakidwa paliponse amakwana yekha. Ngati pakufunikadi zomangira, mwina khoma ndi lalitali kapena matailosi ndi olemera kwambiri, zilipo za pulasitiki kapena zachitsulo zamutu waukulu zokhomera m'khoma lamiyala, mumaziika guluu atalimba kale kuti musakoke bolodi n'kuipindika.

Kuboola granite kumafuna biti ya dayamondi, madzi oziziritsa ndi kuleza mtima. Pa silabu ya 2 kapena 3 cm musayatse hamala ya drill, makamaka pafupi ndi m'mphepete kapena pa bowo la sinki, imang'ambika mosachenjeza. Bowo lililonse limene mwaboola mu bolodi m'malo onyowa ndi khomo la madzi, mulitseke ndi kachigamba kapena sealant ya kampani yomweyo.

Langa ndi khoma la miyala ya granite yosasema, ya mabampu. Pamenepo bwanji?

Apa nkhani yatembenuka, kugwira sikuvuta chifukwa mwala ndi wokalipa kale, chovuta ndi kusalala. Chotsani penti, ndere, dothi ndi matope ofumbutuka a m'mipata ndi bulashi ya waya, nsonga zotuluka kwambiri zigwetseni ndi tchizulo kapena gilainda, kenako njira yodalirika ndi kumenya pulasitala yowongola, kuisiya ilimbe, n'kumata bolodi pa pulasitalayo ngati khoma lina lililonse. Musayese kuwongola khoma ndi guluu wa matailosi wokhuthala ngati chibakera, sanapangidwire zimenezo, amafota pouma n'kukoka bolodi. Njira ina ndi kumanga felemu kutsogolo kwa khoma n'kumangirira bolodi pa felemuyo ndi masikuluu, mumataya malo pang'ono koma mutu suwawa. Zomangira mukamaboola lozani m'mipata ya matope ngati ndi olimba, n'kosavuta kuposa pakati pa mwala.

Chimene muyenera kuyang'ana kwambiri pa makoma otere ndi chinyezi chochokera kuseri. Mwala weniweniwo sumwa madzi koma mipata yake imadutsa madzi, makamaka khoma lotsamira dothi kapena chipinda cha pansi pa nthaka. Bolodi ya foam inapangidwa kuti iletse madzi a shawa kulowa m'khoma, osati kuletsa madzi a m'nthaka kulowa m'nyumba. Mukaphimba khoma lonyowa madziwo sasowa, amangobisala, amakwera m'mwamba kapena kutulukira pambali, mchere woyera uja umasonkhana kuseri n'kumakankha guluu. Matani pulasitiki yoonekera pa khoma ndi tepi mbali zonse, isiyeni masiku awiri atatu, mukapeza thukuta kuseri kwake kapena khoma lada pamenepo, konzani kaye gwero la madzi kunja.

Ndikangomata ndiye kuti madzi sadutsanso eti?

Bolodi siidutsa madzi koma polumikizana pake pamadutsa, ndipo madzi safuna khomo lalikulu. Kampani iliyonse ili ndi njira yake: a Schluter amamata tepi ya Kerdi-Band ndi guluu wa matailosi, yopitirira 5 cm mbali iliyonse ya mzere, a wedi amaika sealant yawo pakati pa mabolodi polumikiza kenako n'kupakanso pamwamba. Tsatirani njira ya bolodi imene mwagula, osasakaniza tepi ya uku sealant ya uko. Makona a mkati ndi a kunja, pozungulira mapaipi, pa mixer ya shawa, pokumana khoma ndi pansi, apa ndi pamene muchedwepo. Tepi ya neti yomatira mabolodi a siling'i siiletsa madzi, imangolimbitsa mzere.

Pansi pa shawa pakhale potsetsereka cha m'ma 2 cm pa mita iliyonse kulowera ku dreni, bolodi yosalala siipanga kutsetsereka yokha, mugule thireyi ya foam yopangidwa kale motsetsereka kapena muwongole ndi matope musanamate. Musanaike matailosi tsekani dreni, dzazani madzi, lembani mzere pamene afika, siyani maola 24 muone ngati atsika. Matailosi ndi grout yodzaza m'mipata yake ija sizimene zimaletsa madzi, nde ngati pakudontha pano padzadonthanso matailosi atakhalapo, kungoti nthawi imeneyo kukonza kwake ndi kuphwanya.

Ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisanayambe matailosi?

Thumba likati maola 24, limanena za malo amene amamwa madzi komanso kotentha bwino. Pa granite onjezerani, tsiku lina limodzi kapena awiri sizikupwetekani. Wolimba msanga amalola pakangopita maola ochepa koma olo iyeyo ndimakonda kumusiya agone usiku. Musaweruze poona m'mphepete, m'mphepete mumauma msanga nthawi zonse. Kukazizira pansi pa 5°C musamate n'komwe, ndipo kumbukirani kuti mwala umasunga kuzizira komanso kutentha kuposa mpweya wa m'chipindamo, granite imene yakhala padzuwa imapsereza guluu musanaike bolodi.

Ndigule yokhuthala bwanji?

Pa mwala wolimba wosalala pamene guluu ali paliponse, yopyapyala ya 4 mpaka 6 mm imakwana poti mphamvu ikuchokera ku mwala. Yokhuthala ndi ya pamene mukufuna kukweza, kusunga kutentha, kapena pamene bolodi ikudumpha mphako. Ngati ndi pansi popondapo onetsetsani kuti bolodiyo analemba kuti ndi ya pansi, si zonse, ndipo pewani timatailosi ting'onoting'ono tochepera 5 cm mbali iliyonse chifukwa mwendo wa mpando kapena chidendene chosongoka chimakanikiza kamodzi kokha n'kukalowetsa mu foam. Zolemera ngati kabati, sinki yopachika kapena chogwirira cha mu shawa zimangiriridwe mu khoma lenileni kuseri, foam siigwira sikuluu.

Pafupi ndi moto kapena panja zili bho?

XPS imayamba kufooka kutentha kukafika cha m'ma 75°C, nde pozungulira chitofu cha nkhuni, pa fireplace kapena kuseri kwenikweni kwa malawi a gasi musaike, pamenepo pamafunika bolodi yosapsa. Waya wotenthetsa pansi alibe vuto, safika kumeneko. Panja zimatheka ndi mabolodi amene analembedwa kuti ndi a panja, koma foam yosaphimbidwa imaonongeka ndi dzuwa, musaisiye masabata ili pamtunda, ndipo mipata ya silikoni yolola kufutukuka ikhale pafupipafupi chifukwa matailosi a padzuwa amatentha pomwe mwala pansi pa foam uli wozizira, ziwirizi sizikufutukuka mofanana.

Pali njira yodziwira kuti zigwira ndisanaononge mabolodi onse?

Ilipo ndipo ndi yosavuta moti ndimadabwa kuti ambiri saichita. Dulani tizidutswa ta bolodi ngati 15 cm mbali iliyonse, konzani kamalo pa mwala ndendende mmene mukufuna kukonzera ponse, matani ndi guluu yemweyo, ngati mukukayika pakati pa njira ziwiri matani tiwiri, kena popala pokha kena popala ndi pulaima. Siyani masiku atatu kapena kuposa, kenako kanulani ndi tchizulo. Chimene mukufuna kuona ndi foam ikung'ambika, khungu la bolodi litatsalira pa guluu, guluu atakakamira pa mwala moti mukuchita kumupala. Akachoka yense mwala n'kutsala woyera, musapitirize, bwererani ku kutsuka ndi kupala. Akakhala wofewa pakati, mwala mwakonza bwino koma guluuyo si wake kapena akufuna nthawi yambiri.

Ndamata kale koma pena pakulira mwa mphako, ndichite chani?

Ngati matailosi simunaike, dulani malo amenewo ndi mpeni mwa folokona, chotsani, muone chimene chachitika pansi. Kukakhala kuti guluu anangochepa pamenepo, palani wakaleyo, matani chigamba chatsopano, tsekani mizere yonse 4 ndi tepi kapena sealant. Koma mukapeza kuti guluu analipo wokwanira ndipo wangosendeka pa mwala, yesani kukanula mabolodi oyandikana nawo, kawirikawiri vutolo limakhala la ponseponse ndipo kuli bwino kudzutsa zonse pano kusiyana ndi matailosi atakwera.

Tsiku lina ndikadzafuna granite yanga ija, ndingadzachotse bolodi n'kuibwezeretsa?

Kuchotsa mudzachotsa, foam imang'ambika ndi fosholo yosalala ndipo guluu amapalika ndi gilainda, koma kuwala kuja munakuchotsa tsiku lopala. Kubwezeretsa kumafuna kupolisha ndi mapadi a dayamondi motsatizana kuyambira okalipa ngati a nambala 50 mpaka osalala ngati a nambala 3000, ndi madzi, ndipo pa tebulo lomangidwa kale m'makona ndi m'mbali mwa khoma simufanana ndi pakati. Ngati mukuona kuti mwalawo mudzaufunabe, kapena nyumbayo ndi ya lendi, musamate pa iwo, funsani mmisiri wa miyala aone ngati silabuyo ingadzuke yathunthu muisunge, apo ayi mangani felemu yodziimira payokha kutsogolo kwake n'kumangirira bolodi pa felemuyo.